Gudumu Lalitali Khoma ndi Mphepo ya mu Lusaka

Makolo athu, amene nzeru zawo adazitola m'munda ndi pabwalo la milandu, adatisiyira mawu akuti walira mvula walira matope. Ndipo ngakhale mwambi umenewu udabadwa pakati pa anthu amene sadaonepo njinga ya mpikisano, palibe mawu ena amene alongosola bwino koposa nkhani ya magudumu a kaboni, aja akuda a limu yaitali khoma, amene m'zaka zino achuluka m'misewu ya mu Lusaka. Pakuti khoma limene lipatsa gudumu liwiro ndi lomwelonso limene mphepo iligwira ikafuna kumpotoza mwini njinga, ndipo sanabadwe mmisiri, kaya ku America kaya ku Taiwan, amene angamgulitse munthu mvula yokha, matope n'kutsala m'sitolo. Chifukwa chake iye amene mtima wake wakhumba magudumu otere, ndi bwino ayambe wakhala pansi, nalingalira mbali zonse ziwiri za chimene akupempha.

Wokhala ku Kabwata amene tulo timamthera msanga amawadziwa magudumu amenewa ndi makutu asanawaone ndi maso. Loweruka ndi Lamulungu m'bandakucha, minibasi zisanayambe kulimbirana anthu mu Burma Road, ndiponso osema ziboliboli a pa Kabwata Cultural Village asanayale malonda awo pakhomo pa nyumba zozungulira zija zimene atsamunda adamangira antchito akuda, pamamveka mkokomo wapansipansi, wosiyana ndi phokoso la tcheni, umene umakula, nudutsa, nuzilala cha ku Woodlands. Kumeneko ndiko kulira kwa limu ya mphako, imene imakuza kanthu kalikonse kamene tayala laponda. Eni ake, ovala zothina ndi zisoti, ena amalowera ku Leopards Hill Road, kupitirira Bauleni, kumene nyumba zimayamba kutalikirana. Ena amatsata Great East Road, nadutsa Chelstone ndi mphambano ya ku bwalo la ndege, kulinga ku Chongwe. Ana oima m'mbali mwa msewu sayang'ana nkhope ya wokwera, maso awo onse amakhala pa magudumu. Ndipo sindiwadabwa, popeza ngakhale mneneri Ezekieli, m'masomphenya ake a kumtsinje wa Kebara, chimodzi cha zimene zidamchititsa nthumanzi pa magudumu amene adaona chidali kutalika kwa mikombero yake.

Gudumu limene tidakula nalo, la njinga za Eagle zochokera ku fakitale ya Luangwa Industries ku Chipata, kapena la Humber ndi Raleigh za atate athu, ndi limu yachitsulo yaifupi, yomangidwa ndi masipoko 32, 36 ngakhale 40, ndipo nzeru yake yonse ili pa kusenza katundu ndi kupirira msewu. La kaboni lidabadwira ntchito ina. Limu yake imaumbidwa ndi ulusi wakuda wopyapyala kuposa tsitsi la munthu, umene makampani onga Toray a ku Japan amaupanga mwa kuwotcha ulusi wina pa moto waukulu, kufikira zina zonse zitachoka n'kutsala kaboni, chinthu chomwecho chimene chili m'makala. Ulusiwo amaunyika mu utomoni, nausanja m'chikombole muyalo pamwamba pa muyalo, nauphika kufikira utauma gwa. Chotulukamo ndi mkombero umene khoma lake, kuchokera patayala kuloza kuhabu, lingafike mamilimita 40, 60 ngakhale 80, pamene la limu wamba ya aluminiyamu kawirikawiri silipitirira 30. Masipoko ake ndi 20 kapena 24 basi, ndipo magudumu onse awiri pamodzi amalemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka. Aluminiyamu utamkweza khoma chotero, kulemera kwake kukadadya phindu lonse.

Tsono kutalika kumeneku n'kwa chiyani? Munthu wopalasa njinga pamalo osalala amayesa kuti akulimbana ndi msewu kapena ndi kulemera kwa thupi lake, koma mdani wake weniweni ndi mpweya, umene sauona, umene ayenera kuung'amba ndi chifuwa, ndi mawondo, ndi magudumu pa mphindi iliyonse ya ulendo. Ndipo mpweya uli ndi lamulo louma: liwiro likawirikiza kawiri, kukana kwake kumawirikiza kanayi, ndipo mphamvu imene miyendo iyenera kupereka kuti iugonjetse imawirikiza kasanu n'katatu. Wopita kumsika pang'onopang'ono sakangana nawo kwenikweni. Koma wothamanga makilomita oposa 30 pa ola, pafupifupi magawo anayi mwa asanu a thukuta lake amathera pa kukankha mpweya. Tayala likaung'amba, ngati kumbuyo kwake kuli limu yaifupi, mpweyawo umasweka, nuvunduka, nukokera gudumu m'mbuyo. Koma ukapeza khoma lalitali ndi losalala, umalitsata mbali zonse ziwiri, nukakumananso mwamtendere kumapeto kwake. Kuwonjezera apo, khoma likatalika masipoko amafupika, ndipo sipoko iliyonse imavundula mpweya, makamaka ikafika pamwamba pa gudumu, pamene imathamanga kuposa njinga yomwe.

Dziko lidatsegula maso pa zimenezi mu Januwale 1984, pamene Francesco Moser wa ku Italy adapita ku Mexico City ndi magudumu otsekeka kotheratu, opanda sipoko yooneka, nayenda makilomita 51 ndi mamita 151 mu ola limodzi, kupitirira makilomita 49 ndi mamita 431 amene Eddy Merckx adayenda mumzinda womwewo mu 1972. Onse awiri adasankha mzindawo chifukwa uli pamwamba, kuposa mamita 2,200, kumene mpweya uli wopepuka. Lusaka sali pamwamba chotero, komabe mamita ake pafupifupi 1,280 amapepukitsa mpweya ndi gawo limodzi mwa asanu ndi atatu poyerekeza ndi wa kugombe la nyanja yamchere. Ndipo chachikulu koposa, mzindawu udakhala pamalo osalala, a zitunda zazing'ono zokwera mwaulemu. Pamalo otere kulemera pang'ono kumene khoma lalitali limawonjezera sikupweteka munthu, ndipo phindu lake limaoneka pa kilomita iliyonse. Ndikunena ichi poyera kuti wina asayese kuti ndadza kudzanyoza: gudumu lalitali khoma limathamangadi, ndipo amene adalikwerapo m'mawa wa bata, msewu uli pululu, amadziwa kukoma kwa njinga imene ikagwira liwiro sifuna kulitaya. Imeneyo ndiyo mvula, ndipo ndi mvula yeniyeni.

Matope ake ndi awa. Kuyambira mvula ikatha kufikira ibwerenso, mphepo ya kuno imachokera kum'mawa ndi kum'mwera chakum'mawa, mbale wake wa mwera umene umasautsa asodzi a ku Nyanja ya Malawi. Ndipo mu Ogasiti ndi Seputembala imafika pachimake, nikweza fumbi, nizunguza mapepala m'mwamba, niumitsa milomo ya ana asukulu. Wopita ku Chongwe amakumana nayo maso ndi maso, nabwerera ikumkankha kumsana, ndipo m'njira zonse ziwiri gudumu lake silivuta. Koma wotsika ndi Kafue Road, kapena wotsata Great North Road kulinga ku Chisamba, mphepo imamdzera m'nthiti, ndipo apo m'pamene khoma lija limaonetsa khalidwe lake lina. Mayi aliyense amene adanyamulapo lichero pabwalo tsiku la mphepo amadziwa kuti ukaloza mlomo wake kumphepo limadutsa osavuta, koma ukangolipendeketsa, mphepo imafuna kukulanda m'manja. Gudumu lakumbuyo silidetsa nkhawa, pakuti lidamangika mu felemu ndipo thupi la wokwera limalipsinja. Lakutsogolo ndilo lili pa chiwongolero, lomasuka kutembenuka, kotero kuti mphepo ikaligwira, yagwira dzanja la mwini wake. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Ndipo wa thupi laling'ono amalandira nkhonya yomweyo imene alandira wojintcha, koma ali ndi kulemera kochepa koibwezera.

Pali chinanso chimene ogulitsa sakonda kuchedwa nacho pofotokoza. Mphepo imene gudumu limamva si imene imagwedeza mitengo yokha ayi, koma kusakanikirana kwa iyo ndi mphepo imene wokwera amadzipangira mwa kuthamanga. Tiyerekeze mphepo ya makilomita 10 pa ola yochokera kumbali: kwa wothamanga makilomita 35 pa ola imafika yopendama ndi madigiri 16 okha, pafupifupi kuchokera kutsogolo, kwa woyenda makilomita 20 pa ola imafika ndi madigiri 27. Kupendama kukakhala kochepa, mpweya umamatirira kukhoma, ndipo apo limu yabwino imakhala paulemerero wake, pakuti mphepo yakumbali imayamba kuithandiza m'malo moiletsa. Koma kukapitirira malire, mpweya umataya khoma mwadzidzidzi, nuligwiranso, nulitayanso, ndipo kugwira ndi kutaya kumeneku ndiko kumanjenjemeretsa chiwongolero. Motero gudumu limodzimodzi limakhala lofatsa m'manja mwa wamphamvu ndi lamwano m'manja mwa wotopa. Ndipo popeza munthu amatopa pobwerera, dzuwa litakwera ndi mphepo itadzuka, mwanowo umadza pa nthawi imene iye alibe mphamvu zoulangira. Amisiri adayesetsa ndithu. Malimu akale adali osongoka kunsi kwake, ndipo ankagwira mphepo mwaukali. Steve Hed wa ku Minnesota ndi a kampani ya Zipp ya ku Indianapolis adatsogolera njira ya malimu onenepa ndi obulungira, imene idafala cha m'ma 2010, ndipo magudumu a lero ndi ofatsa kwambiri kuposa a masiku aja. Matope adawachepetsa, sadawathetse. N'chifukwa chake bungwe la UCI, limene limaika malamulo a mipikisano ya njinga padziko lonse, lidagamula mu 2025 kuti kuyambira mu Januwale 2026 limu isapitirire mamilimita 65 m'mipikisano ya pamsewu imene anthu amanyamukira pamodzi. Ndipo amenewo ndi akatswiri, amene manja awo adakulira pa chiwongolero.

Mphepo yokhazikika munthu amaizolowera, naitsamira, napitiriza ulendo. Yoopsa ndi ya mwadzidzidzi, pakuti chakudza sichiimba ng'oma. Ku Kabulonga ndi ku Woodlands, kumene mipanda ya njerwa imatsatana mtunda wautali, wokwera amayenda motchingidwa, manja ali lende, kufikira mpanda utatha pa mphambano kapena pa puloti yosamangidwa, ndipo pomwepo mphepo yonse imene idatsekeredwa imatulukira pamodzi. Pa Kafue Road nkhani imakula: popeza kuno timayenda kumanzere, wopita kum'mwera mphepo ya kum'mawa imamkankhira kumanja, kumene kuli galimoto, ndipo pobwerera, atatsamira kumanja kuti alimbane nayo, lole yaitali ikamdutsa imamtchingira mphepoyo kwa kamphindi, iye n'kupeza kuti watsamira pa chinthu chimene palibe, njinga ikupendamira ku matayala a loleyo. Wodziwa amawerenga zizindikiro zisanamfike: udzu wa m'mbali mwa msewu, utsi wa pambaula ya wowotcha chimanga, fumbi lodutsa msewu patsogolo. Amatsitsa manja kumunsi kwa chiwongolero kuti thupi lipsinje gudumu lakutsogolo, nagwira molimba ndi zala koma zigongono zili zofewa, pakuti wouma mikono amasandutsa kagwedezeko kakang'ono kukhala ngozi. Ndipo saleka kupalasa, popeza njinga imene tcheni chikuikoka imakhazikika bwino kuposa yongoyenda yokha. Amasiyanso danga pakati pa iye ndi mphepete mwa phula, kumene kuli mchenga, magalasi osweka ndi ngalande.

Msewu nawo uli ndi mlandu wake. Misewu yambiri ya mu Lusaka idakonzedwa m'zaka zapitazi, ndipo pali zigawo zosalala zokondweretsa mtima. Komabe dzinja lililonse limasiya maenje, mabampu ali pafupi ndi sukulu ndi misika, ndipo miyala ya omanga nyumba imatayikira pa phula. Limu ya aluminiyamu ikagunda dzenje imapindika, ndipo kupindikako kumaoneka. Ya kaboni sidziwa kupindika, imapirira nkhonya imene ikadapinda chitsulo, koma muyeso ukapitirira imang'aluka, nthawi zina m'kati mosaoneka. Sikuti ndi yofooka ayi: mu 2010 Fabian Cancellara wa ku Switzerland adapambana mpikisano wa Paris-Roubaix, wodutsa m'misewu yoyalidwa miyala ya kumpoto kwa France, pa magudumu a Zipp 303, pa nthawi imene ambiri ankakhulupirira kuti limu ya kaboni singapirire miyala imeneyo. Koma tikumbukire kuti kumbuyo kwa Cancellara kunkayenda galimoto yonyamula magudumu ena, pamene mnyamata wa ku Kabwata alibe womnyamulira gudumu lachiwiri. Mtetezi wa limu ndi tayala. Kale othamanga ankakhulupirira matayala opyapyala a mamilimita 23, opopedwa mpaka kuuma gwa. Lero akatswiri omwe amayenda pa a mamilimita 28 kapena 30, ofewa pang'ono, atazindikira kuti pa msewu wa zigamba tayala lofewa silitaya liwiro mwa kudumphadumpha. Koma limu ikhale yotakata kulingana ndi tayala kapena kuliposa pang'ono, pakuti tayala lotupa pa limu yopapatiza limamwaza mpweya usanafike n'komwe pakhoma. Ndipo malimu ena atsopano alibe kamlomo kam'kati kokola tayala. Amenewo amafuna matayala owayenera okha, ndipo powapopa singano ya pampu isapitirire 5 bar, ndiyo 72 psi.

Mphwanga, mwana wa mlongo wanga, amene amakhala ku Chelstone ndipo njinga idamlowa m'magazi, adafika kwathu tsiku lina atanyamula magudumu awiri a mamilimita 80, amene mwini wake adamlola kuti ayambe wawaona asanalipire. "Amalume," adatero, "mtengo wake ndi theka la theka, ndipo taonani mmene akuwalira." Ndidapita naye kwa bambo ena okonza njinga pafupi ndi msika wa Kabwata, a kwathu kum'mawa, amene zikhadabo zawo zidada ndi girisi wa zaka zambiri, ndipo njinga za othamanga zidadutsamo m'manja mwawo. Bambowo sadayang'ane n'komwe zilembo zoyera za pakhoma. Adavula tayala, napukuta limu ndi kansanza konyowa, nayendetsa chala chachikulu m'mphepete monse pang'onopang'ono, maso ali kumwamba. Kenaka adatulutsa kandalama ka 50 ngwee, nayamba kugogoda khoma kuzungulira, khutu lili pafupi. Ndipo ponseponse limu inkayankha mawu owala, ke, ke, ke, kufikira pamalo ena pamene mabuleki amagwira, pamene idayankha mawu ogontha. Adaimika chala pomwepo, napendeketsa limu kudzuwa, ndipo tonse tidaona potupa pang'ono, pamene miyalo ya ulusi idalekana m'kati.

"Mwana wanga," adatero bambowo, "chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ili lidapsa ndi mabuleki potsika phiri. Lachitsulo likapindika mumabwera nalo kuno, ndimalimenya, ndimakoka masipoko, inu mumapita. Ili likadwala silinena, limangodikira tsiku lake."

"Nanga atate, simungamate?" adafunsa mnyamatayo.

Iwo adapukusa mutu. "Pogwira mabuleki sindimatapo. Komanso ndikufunseni: sipoko yaphwatalala iyi ikakadukira ku Chongwe, mukaipeza kwa yani? Manipo ake abisika m'kati, kuti ndikoke imodzi ndiyenera kuvula tayala lonse. Ndipo chubu cha m'sitolo wamba, vavu yake singatulukire m'khoma lotere."

Mafunso amenewa sapezeka m'zithunzi zotsatsira malonda, koma ndiwo mafunso a munthu amene adzakwera gudumulo kuno. Woyenda pa limu yaitali ayenera kukhala ndi machubu a vavu ya mamilimita 60 kapena 80, kapena kachitsulo kotalikitsira vavu, m'thumba lake nthawi zonse. Ayenera kugula masipoko apadera tsiku lomwelo limene wagula gudumu. Malimu ambiri a kaboni padziko amaumbidwa ku Taiwan ndi ku China, makamaka ku Xiamen, ndipo kumeneko kumatuluka abwino zedi ndi achinyengo omwe, ena atamatidwa dzina la kampani imene sidawaonepo. Chofunika si dziko limene gudumu lidachokera, koma kuti pakhale wopanga wodziwika amene angayankhe likang'aluka.

Chilema chimene bambo aja adachipeza n'cha magudumu a mabuleki ogwira pa limu. Limu ya kaboni simwaza kutentha msanga monga ya aluminiyamu, kotero kuti pa chitsikiro chachitali, chonga cha ku Manenekela polinga ku mlatho wa Luangwa, kapena cha ku Chirundu potsikira m'chigwa cha Zambezi, wogwira mabuleki osalekeza amafewetsa utomoni umene udamanga ulusi. Ikanyowanso, monga zimachitika ndi mvula yamkuntho ya masana mu Disembala ndi Januwale, mabuleki amayamba aterereka, gudumu n'kuzungulira kangapo asanagwire. Ndiponso limu yotere imafuna mphira zakezake za mabuleki. Mavuto amenewa adachepa ndi mabuleki a disiki, ogwira pa kambale kachitsulo ka pahabu, amene UCI idawavomereza m'mipikisano ya pamsewu mu 2018. Koma gudumu la mtundu uwu sililowa pa njinga ya mtundu winawo, ndipo wogula ayambe wayang'ana felemu yake.

M'mawa pa Great East Road ndi pa Leopards Hill Road, amagudumu a kaboni potuluka mumzinda amakumana ndi anthu olowa mumzinda, amene adanyamuka usiku ndi matumba a makala osanjikizidwa pa kaliyala kupitirira mutu. Ena poona zimenezi amatsutsa othamangawo, nati ndi masewera a anthu okhuta. Ndipo n'zoona kuti mtengo wa magudumu awiri a kampani zotchuka ungagule njinga za Buffalo khumi kapena kuposa. Koma mbiri ya Buffalo yomweyo imandiphunzitsa kanthu kena. Bungwe la World Bicycle Relief, mwini wake wa njinga imeneyi, adaliyambitsa mu 2005 ndi F.K. Day ndi Leah Missbach Day; ndipo F.K. Day ndi mmodzi wa amene adayambitsa kampani ya SRAM ya ku Chicago, imene mu 2007 idagula Zipp. Atafika ku Zambia kudzathandiza anthu ongodzipereka osamalira odwala Edzi m'midzi, adapeza kuti njinga zimene zinkagulitsidwa sizinkachedwa kuthyoka, ndipo adakhala pansi kukonza ina, yolemera makilogalamu oposa 20, ya kaliyala wosenza makilogalamu 100, ya zipangizo zimene mmisiri wa kumudzi angathe kusintha. Anthu odziwa gudumu lopepuka koposa adaona kuti kuno kufunika lolemera, chifukwa adayamba afunsa kuti msewu wake ndi wotani, katundu wake ndi wotani, ndipo likawonongeka adzalikonza ndani. Wogula gudumu la kaboni ku Kabwata ayenera kudzifunsa mafunso omwewo, ndipo sindiona chochititsa manyazi ngati mayankho ake amtengera ku kaboni.

Ndipo kwa achinyamata a mpikisano mayankho amatengeradi kumeneko. Biniam Girmay wa ku Eritrea adapambana zigawo zitatu za Tour de France mu 2024, navala malaya obiriwira a wotsogola pa mapointi kufikira kumapeto. Mu Seputembala 2025 mpikisano wa akatswiri a dziko lonse udachitikira ku Kigali, koyamba pa nthaka ya Africa. Mwana wa ku Zambia amene wakulira m'mipikisano ya Cycling Association of Zambia, kapena m'gulu la Kansanshi la ku Solwezi, akaima pamzere ndi anthu otere sayenera kuyamba ali kale m'mbuyo chifukwa cha gudumu, pakuti liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Pamene mpikisano umagamulidwa ndi masekondi, masekondi makumi angapo amene limu yabwino imapulumutsa pa makilomita 40 ndi chuma chachikulu. Koma enafe, amene timapalasa kuti mtima ugunde bwino ndi kuti mutu upume, tisamale ndi manambala a otsatsa, amene kawirikawiri amayesedwa m'chipinda chouziramo mphepo pa liwiro la makilomita 45 pa ola kapena kuposa. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Pafupifupi magawo atatu mwa anayi a kukana kwa mpweya amachokera ku thupi la wokwera, ndipo munthu wa malaya okupiza ndi msana woimirira amataya ndi chifuwa zochuluka kuposa zimene wagula ndi gudumu. Ayambe waphunzira kuwerama, navala zomkwana, nagula matayala abwino. Zimenezi n'zotsika mtengo, ndipo zimalipira msanga.

Mphwanga adabweza magudumu aja kwa mwini wake, ndipo masiku otsatira adavutika mtima ndi zithunzi za pa intaneti, lero 60, mawa 35, mkuja 80, kufikira ndidamkumbutsa za pusi amene adagwa chagada ndi ichi chakoma, ichi chakoma. Maganizo anga, amene ndidamuuza ndipo ndingauze wina aliyense wopalasa m'mzinda uno, ndi akuti khoma la mamilimita 40 kufikira 50 limatenga gawo lalikulu la phindu, nilisiya gawo lalikulu la mwano; kuti lakutsogolo likhale lalifupi kuposa lakumbuyo, makamaka kwa wa thupi lopepuka; kuti manipo akhale kunja, kumene sipanala ingawafike; ndi kuti magudumu akale a aluminiyamu asagulitsidwe, popeza alipo masiku a mkuntho ndi a maenje obisika pansi pa madzi amene adzafunika. A mamilimita 80 ndi a mpikisano wolimbana ndi wotchi, umene munthu amayenda yekha pamsewu wotsekedwa.

Adasunga ndalama, nagula a 45 kutsogolo ndi 50 kumbuyo. Chimodzi chokha ndidamuumiriza, kuti asalowe nawo m'gulu asanawadziwe ali yekha, pakuti m'gulu gudumu la mnzako limayenda chikhatho chimodzi kumbuyo kwa lako, ndipo mphepo ikapotoza mmodzi amagwa ndi anthu asanu amene sadagule kanthu. Adamvera. Ogasiti yense wa chaka chimenecho adapalasa yekha pa Great North Road, Lamulungu m'mawa malole asanachuluke, ndipo m'gulu adalowamo mu Okutobala.